Tsiku Limene Refa Anavinira Chigoli

1

Dzina langa ndine Francisko Namaona. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali woyimbira mpira wa ana kuno ku Milepa, ndipo sindiyimbiranso. Nkhani yake ndi imene ndikufuna ndikuuzeni.

Sukulu ya urefa sindinapiteko. Ndinakhala refa chifukwa m'dera lonse lino ndinali ndekha amene ndinali ndi wezulo, wotchi yoyenda ndi kabudula wakuda. Kadi yachikasu ndinadula pachigubu cha mafuta ophikira, yofiira ndinadula pabeseni losweka la mkazi wanga. Mbendera za othandizira m'mbali zinali nsanza za chitenje zomangirira kubango.

Koma ulemu ndinali nawo. Ndinatulutsapo mwana wa mlamu wanga weniweni chifukwa chotchera mnzake mwendo. Kholo lina linandibweretsera tambala m'mawa wa masewero, ine ndinamubweza ndi tambala wakeyo. Kuyambira pamenepo anthu anasiya kunditchula dzina, ankangoti a Chilungamo. Ngakhale kutchalitchi, akamakangana za nthawi yoyambira kwaya, ankati funsani a Chilungamo.

Mkazi wanga Doreen ankanyadira dzinali kuposa ine. Loweruka lililonse ankakhala kumbali kwa bwalo ndi dengu la mandasi, mwana wathu Fiona akumuthandiza kugulitsa, ndipo wina akanditukwana ankamuwonjezera mtengo. Ndimakhala kwawo kwa Doreen, pachikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi a amayi ake, ndipo malume ake ankandikumbutsa zimenezi pamaliro alionse.

Chaka chatha a Jeremiah, a sitolo yaikulu pamsika, anayamba kufuna ukhansala. Mwadzidzidzi anazindikira kuti amakonda ana. Anakhazikitsa chikho cha anyamata osapitirira zaka 14, matimu asanu ndi atatu, mphoto yake mbuzi ndi chikho chonyezimira chimene ukachigogoda chinkalira ngati ndowa. Matimu onse anawapatsa yunifolomu, ndipo kumsana kwa yunifolomu iliyonse kunali nkhope yawo ikumwetulira.

2

Mukamva kuti ana osapitirira zaka 14, musaganize za ana. Tsiku loyamba timu ina inabwera ndi goloboyi amene mkazi wake anakhala kuseri kwa golo akuyamwitsa. Wotseka kumbuyo wa timu ina ndinamudziwa, chifukwa ndi iye anandikwezapo pakabaza kupita ku Nguludi. Aliyense anali ndi kadi ya sikelo yonena kuti anabadwa 2011. Makadi ena inki inali isanaume.

Komiti inandipatsa ntchito yoyeza zaka. Ndinkawaimika pamzere, n'kumayang'ana zibwano ndi kuwauza kuti anene "Moni aphunzitsi" kuti ndimve kukula kwa mawu. Amene mawu ake ankagwedeza nthaka ndinkamuchotsa. Ndinachotsa anyamata khumi ndi mmodzi, ndipo anthu anandiombera m'manja.

Matimu amphamvu anali awiri. Kwathu kuno kunali Mavu a ku Milepa, kochi wake a Hamadi, telala wa pamsika, munthu woonda wolankhula ndi manja onse awiri. Kwina kunali Njuchi za ku Mpama, zimene mphamvu yake yonse inali mwa mnyamata mmodzi wovala nambala naini, dzina lake Sungani. Anali wamtali, wa miyendo yamatewe, wosalankhulalankhula. Mpira ukafika paphazi lake lamanzere, amayi ogulitsa nzimbe ankaimirira.

Nditafika pa iye pamzere uja, a Hamadi anandigwira mkono.

"A Chilungamo, uyu ndiye ayi. Taonani kholingolo. Walahi, uyu akhoza kukhala nkhoswe ya munthu."

"Kadi ili kuti?" ndinafunsa.

Amayi ake a Sungani, a Patricia, anatuluka pagulu n'kundipatsira kadi. Sanandipatse moni. Anangondiyang'ana m'maso, osaphethira. Pakadipo panalembedwa kuti February 2011.

"Ili bwinobwino," ndinatero.

"Simunamuuze kuti anene 'Moni aphunzitsi'," anatero a Hamadi.

"Nthawi yatha. Tiyambe mpira."

3

Kuti anthu asanene kuti ndikumukondera, ndinayamba kumuzunza mnyamatayo. Akagwetsedwa, ndinkayang'ana kumwamba ngati ndikuona ngati kubwere mvula. Akangokhudza mnzake, wezulo. M'masewero anayi ndinamuonetsa chigubu changa chachikasu katatu, kamodzi chifukwa chomanga chingwe cha nsapato mochedwa. Ndinamukanira zigoli ziwiri zabwinobwino. Komabe anagoletsa zisanu ndi zinayi.

Titatha semifainolo anandipeza ndikumwa madzi pamjigo wa pasukulu. Anaima patali pang'ono, manja kumbuyo.

"A refa, ndifunse nawo?"

"Funsa."

"Ndinakulakwirani chiyani? Anzanga akuti mwina bambo anga anakulakwirani asanamwalire."

Madzi ananditsamwa. "Bambo ako anamwalira?"

"Eee. Anapita ku Joni ine ndisanabadwe, anakafera komweko. Ngati anakulakwirani, pepani. Ine sindinawaone."

Ndinamuuza kuti malamulo ndi malamulo, apite akapume. Anagwada pang'ono n'kutembenuka. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota pachulu, ndipo tsiku limenelo ndinafika kunyumba nditaiwala njinga yanga pamjigo.

"Bambo a Fiona, mpira wa anawu ukupengetsani," anatero Doreen akuseka.

4

Fainolo inali ya Mavu ndi Njuchi, pabwalo lathu, Loweruka lotentha la mu Okutobala. Anthu anadzaza mpaka m'mitengo ya mango. A Jeremiah anabweretsa tenti, mipando yapulasitiki ndi chimkuzamawu, ndipo analankhula mphindi makumi anayi za tsogolo la achinyamata, achinyamatawo ali chiimire padzuwa. Mbuzi ya mphoto anaimangirira pamtengo wa tenti, ikudya nsalu ya patebulo.

Mavu anagoletsa koyambirira. Njuchi zinabweza chigawo chachiwiri chitangoyamba. Kenako mpira unauma. A Hamadi anaika anyamata atatu pa Sungani, mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, wachitatu ntchito yake kungomuponda zala. Ine ndinkaona zonse, osaliza wezulo.

Zitatsala mphindi ziwiri, mpira unamupeza pakati pa bwalo. Anadutsa woyamba. Wachiwiri anamulowetsa mpira pakati pa miyendo. Wachitatu anamukoka malaya mpaka nkhope ya a Jeremiah inang'ambika pakati, koma mwanayo sanagwe. Anakweza mutu kamodzi, n'kumenya ndi lamanzere ali kutali koti munthu wanzeru sangayese. Mpira unakhota m'mwamba, unagunda nsungwi ya pamwamba pa golo, n'kugwera mkati.

Zimene zinachitika kenako ndinazimva kwa anthu, chifukwa ine sindikumbukira bwino. Akuti wezulo ndinailavula. Akuti ndinathamanga kuposa osewera onse, ndinamunyamula Sungani m'mwamba, ndinamutsitsa, n'kuyamba kudula chiuno pakona penipeni, makadi akugwa m'thumba. Tsoka lake, pakona pomwepo m'pamene panaima mnyamata wa a Jeremiah wolengeza masewero, maikolofoni ili m'manja. Mawu anga anamveka mpaka kumsika.

"Mwana wanga! Magazi anga amenewa! Ndinabereka ine ameneyu!"

Ng'oma zinasiya kulira imodzimodzi. Ochemerera a ku Mpama, amene anali atalowa m'bwalo, anaima. Mbuzi yokha ndi imene inkamveka.

Ndikanatha kunena kuti mwana aliyense ndi mwana wanga, monga timanenera akuluakulu. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero. Koma a Patricia anali ataima pafupi, manja m'chiuno, ndipo analankhula mosakweza mawu, maikolofoni n'kuwatola.

"Lero ndiye mwamudziwa?"

Ndinatembenuka kuyang'ana kumene kunali dengu la mandasi. Doreen anali akumanga kale chitenje, Fiona atamugwira dzanja.

Mphindi ziwiri zotsalazo sizinaseweredwe. A Hamadi anatola wezulo yanga pafumbi, n'kuiika m'thumba mwawo ngati umboni.

5

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Doreen anali pakhonde, atakhala motambalala, akusankha nyemba. Fiona anali atamutumiza kwa agogo ake.

"Khalani pansi, a Chilungamo," anatero. Anali asananditchulepo choncho m'nyumba.

Ndinakhala.

"Ine sukulu ndinalekeza Sitandade seveni, ndiye mundithandize masamu. Mnyamata uja ali ndi zaka zingati?"

"Mayi a Fiona, nkhaniyi ndi yaitali."

"Kadi yake munaiona ndinu, pamaso pa anthu, munati ili bwinobwino. Inati chaka chanji?"

"2011."

"Fiona anabadwa chaka chanji?"

Anadziyankha yekha.

"Epulo 2011. Ukwati tinadalitsa 2010. Ndiye kuti ine ndikusanza m'nyumba muno ndi mimba ya Fiona, inu mumakayimbira mpira wina ku Mpama."

Apa m'pamene ndinaulula zimene ndinabisa zaka zonsezi. Mu 2007 ndinkaphunzitsa mongodzipereka pasukulu ina ku Mpama, ndipo ndinali pachibwenzi ndi Patricia. Atatenga mimba, amalume ake anandiitana. Nthawi imeneyo ndinali nditangosankhidwa kukhala wotsogolera kwaya, ndipo ndinkaopa kuimitsidwa kutchalitchi. Ndinakana. Ndinalumbira pamaso pa akuluakulu asanu kuti mtsikanayo ndinkangomupatsa moni. Patricia sanalire. Anangoti, "Mwakana, chabwino. Kwa mwanayu inu munafa." Ndinathawira ku Milepa, ndipo Doreen ndinakumana naye patatha chaka ndi theka.

"Sungani anabadwa February 2008," ndinatero. "Ali ndi zaka sikisitini. Kadi ija ndi yogula. Inu ndinali ndisanakudziweni n'komwe."

Doreen anaika lichero pansi.

"Ndiye mukuti mwa ziwirizi ndisankhe chimodzi. Kaya mwamuna wanga ndi wachigololo, kaya ndi refa wakuba amene anachotsa ana a eni ake khumi ndi mmodzi n'kusiya wake."

"Chachiwiricho."

"Pakamwa panu sindipakhulupiriranso. Lachitatu komiti ikukumana pa dandaulo la a Hamadi. Malume abwera, ine ndibwera. Mukanene pamenepo, ndi umboni. Mukalephera, Lachinayi mutenge kabudula wanu wakuda muzipita kwanu."

Masiku anayi amenewo ndinagona m'khitchini. Nkhani inali yosavuta kuimvetsa. Ndikati mwanayo ali ndi zaka satini, chikho chikhala chake, banja langa litha. Ndikati sikisitini, banja mwina lipulumuka, koma ndimulanda chikho pamaso pa dera lonse. Ndinkafuna kukuuzani kuti ndinavutika kusankha. Zoona zake n'zakuti pofika Lamlungu masana ndinali nditasankha kale, ndipo ndinasankha denga langa.

6

Komiti inakumana m'kalasi ya Sitandade faifi, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana. Kutsogolo kunali a Jeremiah, chikho chili patebulo. Anthu anadzaza m'mawindo. Sungani anakhala kumbuyo ndi amayi ake, atavala yunifolomu ya sukulu. Doreen ndi malume ake anakhala pafupi ndi chitseko.

A Jeremiah anayamba ndi kunena kuti mavoti, pepani, ana a ku Mpama ndi a ku Milepa onse ndi ofunika kwa iwo mofanana. Anapempha kuti mwina matimu awiriwa agawane mbuzi.

"Mbuzi si nkhani," anatero a Hamadi ataimirira. "Ine ndaona marefa okondera. Ndaona refa wowonjezera mphindi twente. Koma refa wovina, abale anga, refa wodula chiuno pakona, ndiye ndamuonera kuno."

Anthu anaseka mpaka ena anagwa pawindo.

"A Namaona, muli ndi mawu?" anafunsa a Jeremiah.

Ndinaimirira ndi kabuku kanga ka malamulo a mpira. M'kati mwa chikuto chake ndinkasungamo chithunzi, chifukwa ndinkadziwa kuti kunyumba palibe angatsegule kabuku kameneko. Sungani ali ndi miyezi itatu ndinapita mozemba ku Mpama, ndipo Patricia anandilola kumunyamula kamodzi kokha. Wojambula woyendayenda anatijambula. Pakona pa chithunzicho makina anadinda tsiku ndi manambala ofiirira: 18 Meyi 2008.

Chithunzicho chinayenda dzanja ndi dzanja. Chitafika kwa Doreen anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchipereka kwa malume ake.

"Mwanayu ali ndi zaka sikisitini," ndinatero. "Ndine bambo ake. Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba."

A Patricia anaimirira. "Kadi ndinagula ndine, sindikukana. Makolo onse ali m'mawindomu anagula, ena kwa munthu yemweyo. A Hamadi, goloboyi wanu uja si amene analembetsa mavoti chaka chino?"

A Hamadi anayamba kuyang'ana kudenga.

"Koma ine sindinabwerere zimenezo," anapitiriza a Patricia. "Bambo awa anakana mwana kuti asachotsedwe mukwaya. Lero amuvomera kuti asachotsedwe pabanja. Mwanayo payekha sanamufunepo."

M'kalasimo munalibenso woseka. A Jeremiah anaona kuti anthu a ku Milepa m'mawindo ndi ambiri kuposa a ku Mpama, ndipo anagamula msanga. Njuchi zachotsedwa, chikho ndi mbuzi zipite kwa Mavu, nkhani ya goloboyi idzaonedwa chaka chamawa, ndipo a Namaona asadzagwirenso wezulo m'dera lino.

7

Panja ndinamupeza Sungani atatsamira khoma la kalasi. Anzake a timu anali atamusiya, akupita m'kanjira ka ku Mpama osatembenuka. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma onse anathawa.

"Mwananga," ndinayamba.

"A refa," anandidula, mwaulemu womwe uja. "Ine mwezi wa Novembala chaka chilichonse ndimayatsa kandulo kutchalitchi chifukwa cha bambo anga. Ndinkawapempherera kuti apume bwino ku Joniko."

"Ndinalakwa."

"Zaka zonsezi munali chete, ine ndinali bwinobwino. Mwalankhula kawiri kokha. Koyamba mwandichititsa manyazi, kachiwiri mwandilanda chikho." Anapukuta m'maso ndi kolala. "Chigoli chija chinali chabwino, eti?"

"Sindinaonepo chotero."

"Basi," anatero, n'kutsatira amayi ake.

Doreen sanandithamangitse. Malume ake anati umboni wakwana, chigololo palibe, munthuyu ndi wabodza chabe. Koma titafika kunyumba anandiuza zimene sindinayembekezere.

"Za Patricia sindikukwiya, ndinali ndisanabwere. Chimene chikundiopsa n'chakuti ndagona zaka fotini ndi munthu wotha kuona mwana wake akupondedwa zala, iye n'kumayang'ana mitambo. Ndipo mukanakhala chete mpaka liti? Mpaka tsiku lina adzabwere pakhomo pano kudzafunsira mlongo wake?"

Loweruka lotsatira anaphika mandasi, anatenga Fiona, anakwera kabaza kupita ku Mpama. Ine anandisiya. Anabwerako madzulo, Fiona akulongolola za achimwene ake amene amuphunzitsa kumenya mpira ndi mutu. Kuyambira pamenepo amapita mwezi uliwonse. Doreen ndi Patricia tsopano amagwirizana kwambiri, ndipo sindikayika kuti nkhani imene imawagwirizanitsa ndine.

A Jeremiah ukhansala sanaupeze. A ku Mpama anawakana chifukwa cha chikho, a ku Milepa anawakana chifukwa mbuzi ija inapezeka kuti inali yodwala. Kwaya anandiimitsa miyezi isanu ndi umodzi, chilango chomwe chija ndinathawa mu 2007. Pamsika sanditchulanso a Chilungamo. Amanditcha a Chiuno.

8

Sungani tsopano akusewera timu ya akuluakulu ya kwawo, ndi zaka zake zenizeni. Ndimapalasa njinga kukaonera masewero ake onse. Ndimaima pakati pa anthu wamba, ndipo ndimakuwa mmene ndingathere, chifukwa tsopano palibe lamulo londiletsa. Sananditchulebe bambo. Akandiona amati, "Mwaswera bwanji a refa," n'kudutsa. Mwezi watha anandipatsira botolo lake la madzi kuti ndimugwirire pamene ankalowa m'bwalo. Ndinaligwira ndi manja awiri mphindi nainte zonse, ndipo ndinakana kuliika pansi ngakhale pamene ndinkafuna kuomba m'manja.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga, ndikudziwa kuti ambiri mwaseka, ndipo sekani ndithu, ine ndinavinadi. Koma ena mwa inu muli ndi mwana kumudzi wina amene anauzidwa kuti munafera ku Joni. Mumamuona pamsika, mumadziwa kalasi imene ali, mumadziuza kuti mukudikira nthawi yabwino. Nanenso ndinkadikira nthawi yabwino, ndipo inandipeza ndili pakona, pafupi ndi maikolofoni. Ndinayeza zibwano za ana a eni ake ndikufunafuna abodza, pamene wabodza wamkulu pabwalopo anali wogwira wezulo.

Pitani mukamuone mwanayo inu eni, masana, mukuyenda ndi miyendo yanu, pasanakhale chimene mukufuna kupulumutsa. Akakutchulani dzina lina osati bambo, vomerani. Ine ndikuvomera Loweruka lililonse.